Fyuzi ya m'Thumba la a Griffin

Galimoto imene anabweretsa kasitomala tsiku limenelo inadzaza bwalo lathu lonse ku Mabutweni. Inali ya mtundu uja woti ukatsegula chitseko, sitepe yokwerera imatuluka yokha, ukatseka imadzipinda. Tsono ya kumanzere inkangolira, osapindika.

Amuna anga, a Griffin, anatsegula chitseko, n'kugona chagada, n'kupisa dzanja m'mahinjesi a sitepeyo.

"Mwachotsa batire?" ndinawafunsa.

"Ndachotsa fyuzi, ili m'thumbamu. Kazichapani zovala zanu, mayi a Nobuhle."

Sindinachoke. Mphepo ya mu Ogasiti inkakankha chitsekocho, ndiye ndinachigwira ndi manja onse awiri. Fumbi linandilowa m'maso koma sindinayerekeze kutikita. Ndinkangoona zala zawo zikufufuza pakati pa zitsulo, zala zomwezo zimene zimatidyetsa pakhomo pano.

"Tulukanimo, chonde!"

"Mantha a chiyani? Makaniko ndine kapena ndinu?"

Ndinapitiriza kugwira chitsekocho. Patapita nthawi anatuluka akuseka, atatsina kamwala kochepa ngati njere ya chimanga.

"Vuto lonse ndi kameneka. Tasiyani chitsekocho."

Ndinasiya, mphepo n'kuchimenyetsa. Nthawi yomweyo mota ya sitepeyo inalira pansi paja, sitepe inadzipinda mwamphamvu, ndipo mswachi wotsukira umene a Griffin anauiwala m'mahinjesi unathyoka pakati.

A Griffin anatulutsa fyuzi ija n'kuiyang'anitsitsa, kenako anayang'ana zala zawo. Atayesa zonse, tinapeza kuti chimene chinazima ndi wayilesi ya galimotoyo, osati sitepe.

Mpaka lero sanandifunsenso kuti makaniko ndani.