Mbewa za mu Datsun

Fungo linayamba Lachitatu. Pofika Lachisanu m'mawa, anthu odutsa kanjira ka kuseri kwa nyumba ya Che Musa ankatseka mphuno ndi chitenje, ena n'kulavula.

Linkachokera m'galimoto. Inali Datsun yakalekale, yoyera pachiyambi koma tsopano yofiirira ngati dothi la ku Kawale konko. Che Musa, telala wa pafupi ndi msika, ankaikonda kuposa makina awo osokera, ngakhale sinkayenda kawirikawiri. Chaka chimenecho cha 1995 petulo anali atakwera, choncho inkangokhala kuseri, magalasi otseka, dzuwa la kumapeto kwa Ogasiti likuiphika tsiku lonse.

Che Musa ankati m'katimo mwafera khoswe. Mkazi wawo, Zulaikha, ankadziwa kuti si khoswe.

Lamulungu lapitalo anapita ku Kamwendo, ku Mchinji, kukaona amayi ake a Zulaikha. Kumeneko samutchula Zulaikha. Amamuti Sungeni, dzina limene anali nalo asanalowe Chisilamu pokwatiwa. Nthawi yotsanzikana, amuna ake ali kalikiliki kuthira madzi m'galimoto, amayi ake anamukokera kuseri kwa nkhokwe n'kumupatira kaphukusi ka nyuzipepala komanga ndi luzi.

"Mwana ali m'mimbayo asabadwe ndi nkhuli," ananong'ona. "Akapuku onona, mlongo wako wakumba dzulo."

Zinali mbewa, mpani wathunthu, zongowiritsa, zisanaume n'komwe. Zaka zisanu zinali zitapita asanalaweko, chifukwa m'chipembedzo cha amuna ake mbewa ndi haramu, ndipo iye analonjeza ndi pakamwa pake kuti wazisiya. Koma cha amayi ako sukana. Komanso, tisaname, malovu anadzaza m'kamwa. Imodzi anaidya pomwepo, mutu ndi mchira womwe, n'kupukuta milomo ndi tsamba la mango. Zotsalazo anati akapatsa anansi ku Kawale.

Pobwerera anakhala kumbuyo ndi mwana wawo wamng'ono, Fatu. Kaphukusi kaja anakakankhira pamalo pong'ambika kuseri kwa mpando. Msewu unali wa maenje, galimoto ikudumpha ngati mbuzi. Atafika kunyumba anapisa dzanja, koma anangopeza dzenje. Kaphukusi kanali katagwera m'kati mwenimweni, pansi pa siponji, pakati pa zitsulo. Che Musa anakhoma zitseko, makiyi n'kuika m'thumba, mmene ankachitira nthawi zonse.

Tsono Loweruka apongozi ake, mayi Mwanabibi, ankabwera kuchokera ku Mangochi kudzadikirira mwana wodzabadwayo, ndipo Datsun ndiyo inayenera kukawatenga ku depoti. Awa ndi amayi amene ananena paukwati, anthu akumva, kuti wokulira pa mbewa sasintha. Tsiku limenelo Che Musa anaimirira n'kuwayankha amayi awo, chinthu chimene anali asanachitepo. 

Che Musa anali atayesa zonse. Lachitatu anaika makala odzaza lichero pampando, chifukwa makala amamwa fungo. Makala anamwa mpaka kukhuta, fungo lili pomwepo. Lachinayi anafukiza lubani m'kambale n'kutseka zitseko. Apo ndiye anaononga. Lubani anakwatirana ndi chowolacho, n'kubereka fungo lotsekemera, lolemera, longa la maliro ochedwa kuika. Linkakakamira kukhosi ngati phala lozizira. Usiku wa tsikulo palibe amene anadya bwino.

Lachisanu m'mawa anatsegula zitseko zonse zinayi. Ntchentche zobiriwira zinatuluka, zina n'kubwereranso m'kati ngati kwawo.

"Astaghfirullah," anatero Che Musa, kansalu kali pamphuno. "Amake Fatu, imani kutali. Mmene mulilimu simuyenera kupuma zimenezi."

Zulaikha anaima pakhonde, manja ali pamimba. Anaona amuna ake akutulutsa kapeti, akuunika pansi pa mipando ndi tochi, akufinyira mandimu paliponse. Anapeza chipeso chimene chinasowa chaka chatha, mabatani, ndi chitsononkho cha chimanga. Khoswe sanamupeze.

Kenaka anaitana a Anderson, makanika wa nyumba yoyandikana nayo, munthu wa ku Mitundu, wamfupi, wokonda nthabwala. A Anderson analowetsa mutu m'galimoto, n'kuutulutsa msanga ngati waponda moto.

"Mayo ine! Che Musa, mwaika munthu m'menemu?"

"Musaseke, achimwene. Amayi akubwera mawa, ndipo chifuwa chawo mukuchidziwa."

A Anderson analowetsanso mutu, pang'onopang'ono tsopano, akununkhiza ngati galu wa uzimba. Anafika kumpando wakumbuyo n'kuima.

"Khoswe wakufa ine ndimamudziwa," anatero. "Uyu ndi wachilendo. Uyu akumveka ngati anadutsa mumphika."

"Mumphika bwanji?"

A Anderson anadzutsa maso, n'kukumana ndi a Zulaikha pakhonde paja. Anayang'anana kanthawi kochepa chabe. Kenaka makanika uja anakanda chibwano.

"Aa, mphuno zanga zakalamba ndi dizilo. Chinthucho chili pansi pa mpando uwu. Mpaka tiumasule. Koma mabawuti achita dzimbiri, ndikatenge sipanala kugalaja."

Iwo atangochoka, kumzikiti kunamveka kuitana kwa swala ya Lachisanu. Che Musa anadzinunkhiza malaya n'kukwinya nkhope. Anasamba kawiri, n'kuvala mkanjo wawo woyera.

"Zitseko zikhale chotsegula, mphepo ilowe," anatero potuluka. "Inu musayandikire."

Phazi lawo litangozimirira pakona, Zulaikha anathamangira kugalimoto.

Fungo linamumenya ngati khofi. Anamanga mpango pamphuno, n'kugwada pampando, mimba ikutsamira siponji yotentha. Analowetsa dzanja pong'ambika paja mpaka m'chigongono, kenaka mpaka paphewa. Zala zinakhudza chitsulo, fumbi, kenaka chinthu chonyowa. Nyuzipepala inali itasanduka phala. Atakoka, inang'ambika, ndipo zala zake zinamira m'chinthu chofewa, chofunda, chimene chinkayenda chokha.

Anatulutsa dzanja. Mphutsi zoyera, zonenepa ngati mpunga wophika, zinkakwera pamkono. Pakati pa zala panali ubweya wonyowa ndi kamchira kamodzi.

Sanafike patali. Anasanza pafupi ndi tayala, mpaka m'mimba munatsala madzi owawa okha. Mwana wa m'mimba anagunda kawiri ngati nayenso akudandaula. Zulaikha anakwecha mkono ndi dothi, misozi ikutsika, osadziwa ngati ndi ya nseru kapena ya manyazi. Chinthu chomwechi ndi chimene chinamudzazitsa malovu masiku asanu apitawo. Ataganiza zimenezo anasanzanso.

Umu ndi mmene a Anderson anamupezera, sipanala ili m'manja.

"Alamu, alamu," anatero mwachifundo. "Za ku Mchinji?"

Zulaikha anangogwedeza mutu.

"Akapuku?"

"Amayi anandipatsa. Ndimati ndidzakupatseni inu ndi akazi anu."

"Ndiye mwandilanda ndiwo, n'kundipatsa ntchito," a Anderson anapukusa mutu. "Khalani apo. Tichotse msanga eni ake asanabwere."

Mabawuti analira, mpando n'kutuluka. Zimene zinali pansi pake a Anderson anazitola ndi fosholo ya makala, nkhope atatembenuzira kumbali, akutukwana chapansipansi: mpani, luzi, nyuzipepala yakuda, ndi madzi amafuta amene anali atayenderera pachitsulo n'kulowa m'siponji. Anakataya zonse m'chimbudzi cha kuseri n'kuthirapo phulusa.

"Basi," anatero akusamba m'manja ndi sopo wochapira. "Tinena kuti anali khoswe. Wamkulu. Ndamuona ndi maso anga, ndataya ndi manja anga. Nkhani yathera pompo."

Zulaikha anali atasamba mkono katatu, koma akaubweretsa pamphuno fungo linali m'zikhadabo.

Che Musa anabwera mkanjo ukuwala padzuwa. Anaona mpando uli pabwalo, ntchentche zitaunjikana pa siponji.

"Mwamupeza?"

"Chikhoswe, Che Musa!" a Anderson anatambasula manja. "Ngati mwana wa mphaka. Mwamwayi alamu ndiwo anayamba kumukhudza, ine ndangomaliza."

Che Musa anatembenuka. Anaona mkono wa mkazi wawo utafiira ndi kukwecha, maso otupa, ndi dothi lonyowa pafupi ndi tayala. Nkhope yawo inagwa.

"Munapisamo dzanja? Inu, mmene mulilimu?" Anayandikira n'kugwira mkono uja ndi manja awiri, osasamala za mkanjo. "Galimoto ndi yanga, khoswe ndi wanga, koma wovutika ndinu. Pepani, amake Fatu. Ndikauza amayi mawa kuti aone mkazi amene ankamunena uja."

Zikanakhala kuti anakalipa, mwina Zulaikha akanakhala chete. Koma mawu amenewa anamukhala pakhosi moposa lubani wa dzulo.

"Bambo a Fatu," anatero, maso ali pansi. "Sanali khoswe."

A Anderson anatola sipanala yawo mwakachetechete. "Ine ndasiya galimoto ya munthu pa jeke," anatero, n'kuzimirira kuseri kwa mpanda.

Zulaikha anafotokoza zonse: nkhokwe, kaphukusi, dzenje la kuseri kwa mpando. Che Musa anasiya mkono uja pang'onopang'ono. Anayang'ana zikhatho zawo, n'kuzitalikitsa ndi mkanjo.

"Masiku atatu ndikuvutika, mpaka kufukiza lubani," anatero. "Lubani wa ku mzikiti. Ndikufukizira mbewa."

"Ndinachita mantha."

"Munadyako?"

Mphepo inabweretsanso fungo kuchokera pa siponji. 

"Imodzi. Kumudzi konko."

Che Musa analavula pambali. Anayenda mpaka kumpanda, n'kuima chofulatira. Kumsewu kunkadutsa minibasi, kondakitala akukuwa za m'tauni. M'nyumba Fatu anadzuka n'kuyamba kuitana amayi ake, koma Zulaikha sanasunthe. Ankayang'ana msana wa amuna ake, akudikira kuti mwina amva mawu oti alongedze.

Patapita nthawi Che Musa anabwerera, koma sanamuyang'ane. Analowa m'nyumba, n'kutuluka atavula mkanjo, atavala kabudula wakale ndi malaya ong'ambika. M'manja munali lumo la utelala.

"Tenthetsani madzi," anatero. "Ambiri. Mubweretse Jiki ndi phulusa."

Anadula siponji yonse imene inanyowa, chidutswa chachikulu ngati mtsamiro, n'kuchinyamula ndi ndodo kukachiotcha kudzala. Utsi wake unali wakuda, wonunkha moti mayi wina wa nyumba ya kuseri anakuwa kufunsa ngati akuotcha galu. Kenaka anagwada m'galimoto n'kuyamba kukwecha chitsulo ndi phulusa, kuthira madzi otentha, kukwechanso, kuthira Jiki. Kawiri konse anatuluka kukapuma, akugwira pamimba. Zulaikha ankabweretsa madzi n'kuchotsa akuda.

Ndowa yachinayi itatha, Che Musa anakhala pansi, msana utatsamira chitseko cha galimoto. Thukuta linali litasakanikirana ndi phulusa kumaso.

"Imodzi ija ndi nkhani yanu ndi Mulungu," anatero. "Mukapemphe chikhululuko, Iye sakhala ndi mphuno ngati zanga. Koma masiku atatu aja ndi nkhani yanu ndi ine. Munkandiona ndikukwawa pansi pa mipando ndi tochi."

"Ndinalakwa, bambo a Fatu."

"Munalakwa." Anapukuta nkhope ndi malaya. "Apongozi akadzakupatsaninso, landirani. Ndi mayi anu, simungawabwezere. Koma mudzanene, tidzamangirire padenga la galimoto ngati nkhuni, mpaka pakhomo pa Anderson."

Zulaikha anafuna kuseka, koma m'malo mwake misozi inatuluka.

"Nanga amayi mawa?"

Che Musa analowetsa mutu m'galimoto n'kununkhiza. Jiki anali pamwamba, koma pansi pake chinthu chija chinali chikadalipo, chochepa, chouma khosi. Anakwinya mphuno.

"Mawa sichitha ichi. Chifunika sabata padzuwa, zitseko chotsegula, ndi makala atsopano tsiku lililonse. Ndikawatenga pa minibasi."

"Akafunsa chifukwa chake?"

"Ndidzati galimoto ikununkha, mpando tachotsa. Ndi zoona zimenezo. Zotsalazo ndi za m'nyumba muno, ndipo nyumba ino ndi yanga ndi inu." Anaimirira, mawondo akulira, n'kumupatsa ndowa. "Ina imodzi. Ndipo zikhadabozo muwenge, fungo lake likundifika mpaka pano."