Thabwa la Apongozi

Pa zaka ziwiri zimene Mayankho anakhala pabanja ndi Hafiz, mawu amene apongozi ake aamuna, Che Jaffalie, anamulankhula maso ndi maso anali owerengeka ndi zala: moni, zikomo, muyende bwino. Sikuti ankamuda ayi. Mkuluyo anali wa ulemu wakale uja woti mpongozi ukamuona akubwera umapatukira kumbali. Zonse zofuna kunena ankazidzeretsa kwa Hafiz, ngakhale onse atatu atakhala pakhonde limodzi. Mayankho mwambowo ankaudziwa, kwawo ku Ntcheu ulikonso, koma unkamupweteka. Bambo ake omubala anamwalira iye ali Fomu 2, ndipo pa anthu onse a pamudzipo, amene ankalakalaka kucheza nawo anali mkulu yemweyu, popeza onse awiri moyo wawo unali pa tepi ndi matabwa.

Che Jaffalie anakhoma maboti ku Nkhudzi kwa zaka makumi anayi mpaka manja anayamba kunjenjemera. Mayankho ankagwira ntchito pa shopu ina ku Mangochi, kumene iye amajambula chinthu pa kompyuta ndipo makina amadula potsata chojambulacho. Mkuluyo atamva za ntchitoyi anangouza mwana wake kuti thabwa limamva dzanja, silimva magetsi. Hafiz, amene pakamwa pake palibe chitseko, anakafikitsa mawuwo osachotserako ngakhale mchere.

Ndiye chiswe chinadya tebulo la makina osokera a mayi Ajira, apongozi aakazi. Kunali kutatsala milungu itatu kuti chikondwerero cha Idi chifike, nsalu za anthu zitaunjikana pampando. Thabwa loyenera linalipo limodzi lokha, la mlombwa, limene Che Jaffalie analisunga pa mitanda ya kudenga kuyambira Hafiz akukwawa. Koma wodula bowo lolowetsamo mutu wa makina ndi manja onjenjemera aja anali ndani? Hafiz anadumphirapo n'kunena kuti mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, mkazi wake achita zimenezo tsiku limodzi. Mkuluyo anauza mwana wakeyo kuti apongozi ayambe aonetsa pa thabwa wamba. Mlombwa sutsika kudenga chifukwa cha malonjezo.

Mayankho anayeza mutu wa makinawo katatu. Bowo linayenera kukhala mamilimita 360 m'litali, kuti mphepete mwa makinawo mutsamire pa thabwa. Ali mkati moyeza, mayi Ajira anamunong'oneza pempho lawo. Makona akuthwa a tebulo lakale anawang'ambira nsalu zambiri, ndipo ntchafu yawo inali yosapola ndi kugunda. Ankafuna makona onse akhale obulungira, ngakhalenso a bowolo, popeza pansi pa makinawo mpobulungira m'makona.

Ku shopu ntchitoyo inali ya phala. Pulogalamu imene ankagwiritsa ntchito imamvera manambala: ukajambula mzere n'kuulembera 360, mzerewo umakhala 360, ndipo mizere ina yolumikizana nawo imasuntha kuti igwirizane nawo. Anajambula mizere inayi ya bowo, anaika manambala, kenako anadina makona onse kuti apindike ndi mamilimita 20. Chojambulacho chinakongola. Anayang'ana nambala ija, inali 360 yomwe ija, ndipo tepi sanaigwirenso. Lachisanu anadula pa thabwa wamba la pulayiwudi, Loweruka m'mawa iye ndi Hafiz anakwera minibasi ya ku Monkey Bay ali ndi mtima wa mkwatibwi.

Anayala pulayiwudiyo pa miyendo yachitsulo ya makina pabwalo. Hafiz ananyamula mutu wa makinawo monyadira ngati wajambula ndi iye, anauika pa bowo, n'kuusiya. Makinawo sanaime n'komwe. Anapyola bowolo ngati mwala woponyedwa m'chitsime n'kukatera pa chala chake chachikulu chakuphazi. Poti unali mwezi wa Ramazani, mnyamata wa anthu sakanatha ngakhale kutukwana. Anangozungulira ndi mwendo umodzi akutchula dzina la Mulungu. Mayi Ajira anabisa nkhope m'mpango, mapewa akugwedezeka. Che Jaffalie anayang'ana bowolo, anayang'ana kudenga kwa khonde kumene kunali mlombwa wawo, osanena kanthu.

Kukhala chete kumeneko n'kumene kunamulasa Mayankho. Anatenga laputopu yake n'kukakhala kuseri kwa nyumba pansi pa mtengo wa mango. Anatsegula chojambula chija, ndipo 360 uja anali pomwepo, akumuyang'ana mopanda manyazi. Anayezanso mutu wa makina m'maganizo, sanapeze polakwika. Manyazi anamugwira mpaka misozi inalengeza. Ankadziwa kuti mlombwa sutsikanso, ndipo mkulu uja wapeza umboni woti magetsi ndi matabwa n'zosiyana.

Patapita nthawi anamva mapazi akukhwekhwereza mchenga. Anaweramitsa mutu monga mwa ulemu. Che Jaffalie anatsamiritsa pulayiwudi ija pa mtengowo, anaika tepi yawo pambali pake, n'kubwerera mmene anabwerera.

Pa thabwalo panali zolemba za pensulo, zonjenjemera koma zomveka. Pa kona iliyonse ya bowo, mkuluyo anatenga sikweya, chida choyezera makona, n'kupitiriza mizere yowongoka ija mpaka inakumana pamene pakanakhala nsonga ya kona ikanapanda kubulungira. Pokumanirapo anaikapo kamtanda. Kuchoka pa kamtanda kufika pa kamtanda analemba 400. M'munsi mwake anayeza mbali yowongoka yokhayo, kuchoka pothera kupindika kwina kufika poyambira kwinako, n'kulemba 360.

Mayankho anagwira pakamwa. Pamene ankapinda makona, pulogalamu ija inadula nsonga za mzere wake, ndipo nambala inakakamira pa chidutswa chotsalacho. Pofuna kuti chidutswacho chikwane 360, inakankhira mbali zonse ziwiri kunja, 20 uku 20 uku. M'lifupi zinachitikanso chimodzimodzi. Nambala sinaname, koma inali kuyeza chinthu china. Mwachangu anapitiriza mizere ija pa sikirini monga anachitira mkuluyo, anaika timadontho pokumanira pake, anafufuta miyezo yakale n'kumangirira yatsopano pa timadonthoto. Anayesa kupinda makona ndi 10, kenako ndi 30. Makona ankafufuma n'kuphwa, koma bowo silinasunthe ngakhale pang'ono.

Vuto linali lakuti womutuma panalibe. Hafiz anali atatsimphinira kunyanja kukaviika chala, mayi Ajira ali kwa aneba kukasimba nkhaniyo isanazizire. Mayankho analimba mtima. Anapita kukhonde, anagwada chapatali ndithu, anaika laputopu pa mkeka n'kuitembenuzira kwa apongozi ake, iye maso ali pansi.

Che Jaffalie anapapasa magalasi m'thumba la mkanjo. Anasuzumira kwa nthawi yaitali. Anatsokomola, anayang'ana uku ndi uku ngati akufuna wodzeretsapo mawu, koma pabwalo panali nkhuku zokha.

"Apongozi," anatero potsiriza, "timitanda tangati mwatilowetsa bwanji m'menemu?"

Mayankho anafotokoza, kenako anasintha nambala ya kupindika kuti aone okha. Mkuluyo anasendera pafupi, kuiwala mtunda umene anausunga zaka ziwiri. Anati abwerezenso. Anabwereza. Anati ayesenso yaikulu. Kenako anaseka kaphwete, ndipo aka kanali koyamba Mayankho kuona kuti apongozi ake ali ndi mpata m'mano.

"Amene anandiphunzitsa ine ku Malindi ankatimenya ndi sikweya pa nkhani yomweyi," anatero. "Kona ukaidula imachoka pa thabwa, koma muyezo umayambirabe pomwe inali. Ine ndimayesa makina anuwa ndi anzeru, kani nawonso ndi ophunzira ngati ife."

Anacheza mpaka dzuwa linafika paliwombo. Mkuluyo anafunsa ngati chinthucho chingajambule nthiti za boti, Mayankho anafunsa mmene amapindira thabwa popanda kulithyola, ndipo palibe amene anakumbuka zoti mwambo ukuphwanyika. Hafiz pobwera anaima pakhomo la mpanda kukamwa kuli yasa, atapeza ntchito yake ya umtumiki yatha popanda kumuuza.

Nthawi yonyamuka itakwana, Che Jaffalie anakoka mpando n'kukwerapo. Mayi Ajira anakalipa kuti agwa, Hafiz anathamangira kuti akawathandize, koma mkuluyo anakana. Anatsitsa mlombwa uja yekha pang'onopang'ono, anaupukuta fumbi la zaka zonsezo ndi mkono wa mkanjo wawo woyera. Hafiz anatambasula manja kuti alandire monga mwa masiku onse. Bambo ake anamulambalala ngati chitsa.

"Si zako izi," anatero. Anafika pamene panagwada Mayankho n'kumupatsa thabwalo ndi manja awiri. "Mwanangu, lina ngati ili kulibe."

Pamsewu kondakitala anafuna kulikankhira pansi pa mipando pamodzi ndi madengu a usipa, koma Mayankho anakana kwamtuwagalu. Analiimika pakati pa mawondo ake n'kulikumbatira, ndipo sanalisiye mpaka ku Mangochi.