Folda ya Zinyalala

Achimwene anga aakulu anagula hadi dilaivu, chosungiramo zithunzi ndi makanema, chaka chimene amayi anayamba kudwala, ndipo kuyambira pamenepo banja lathu linapeza mlaliki. Kanali kabokosi kakuda, kakang'ono ngati sopo wosambira, ka chingwe chachifupi cholumikizira ku laputopu. Koma ulemu umene kankalandira, ngakhale alamu anga, akazi awo enieni, sanaulaweko. Ankakakulunga m'sokosi yatsopano n'kukaika m'thumba lamkati la jekete, pafupi ndi mtima. Kusitolo ya matailosi kumene amagwira ntchito anzawo anawapatsa dzina loti a Bakapu, poti ankangolalikira za bakapu, kusunga kopi yapadera ya chilichonse, iwo n'kulilandira ngati digiri.

Lamlungu lina tinakumana kwa makolo athu. Tisanachotse n'komwe mbale patebulo, achimwene anatsegula laputopu.

"Anthu inu mumakhala ngati mafoni safa," anatero. "Foni imagwera m'madzi, foni imabedwa. Bweretsani zonse kuno, ndikupulumutseni."

Tinapereka mafoni pamzere ngati ana a sukulu. Munali zithunzi za maukwati, za ana akubadwa, za bambo ali ndi tsitsi. M'foni yanga munali chuma chenicheni: kanema amene ndinajambula amayi akusita malaya a bambo, akuyimba nyimbo yawo imene sankaimaliza, chifukwa ikafika pakati ankayamba kudandaula za kolala yakuda.

Achimwene ankasankha ngati woweruza mpikisano. Chithunzi chowala bwino chinkapita m'kabokosi. Chosaoneka bwino, chodula mutu wa munthu, kapena cholowa chala cha wojambula, ankachiponya m'folda ina pa laputopu, imene anaitcha Zinyalala. Anati adzaifufuta akadzapeza mpata. M'kabokosi mwawo simunkalowa zinthu wamba.

Atamaliza anandibwezera foni. "Tsopano fufuta zonse. Chinthu chimodzi kukhala malo awiri ndi chisokonezo."

"Nanga kabokosi kanuko kakadzafa?"

Anandiyang'ana mwachisoni, mmene dokotala amayang'anira wodwala amene wabwera ndi maganizo akeake. "Iwe, ine ndili ndi bakapu ya bakapu. Ukuganiza kuti dzina lija anangondipatsa?"

Tonse tinafufuta. Mafoni athu anapepuka, achimwene n'kutiuza kuti tsiku lina tidzawathokoza.

Amayi anamwalira chaka chotsatira. Bambo sanalire pagulu. Ankangosita okha malaya awo, kolala n'kumaiwotcha. Patapita miyezi ndinawapeza atakhala pampando wa amayi, wailesi ili yozimitsa.

"Mwana wanga," anatero, "kanema uja wa mayi ako akusita alipobe? Nkhope yawo ndimaiona. Koma mawu awo ayamba kundithawa. Ndikayesa kuwakumbukira ndikumva mawu a azakhali ako."

Zinandipweteka kwambiri, chifukwa nanenso mawuwo anali atayamba kundithawa, kungoti ndinalibe womuuza. Ndinaimbira achimwene. Chimwemwe chawo chinamveka mpaka pafoni: tsiku lowathokoza lija linali litafika.

Anabwera Loweruka masana atavala jekete, kunja kukutentha choncho. Anatikhazika pabalaza, bambo pakati, ine ndi alamu m'mbali. Anayamba ndi mawu ochepa okhudza anthu amene amaseka anzawo oona patali. Kenako anavula kabokosi sokosi yake, n'kulumikiza chingwe.

Kabokosi kanati tiki, tiki, tiki.

"Kakuganiza," anatero achimwene.

Tinakapatsa mpata kuti kaganize. Pa laputopu sipanaoneke kanthu. Achimwene anazula chingwe, kuchiuzira mpweya, kuchibwezeretsa. Anayesa bowo lina. Anakapendeketsa kabokosiko, kukasisita pamsana, mwina kanali ndi mpweya m'mimba. Tiki, tiki, tiki.

"Kapena ndi tsiku lija kanagwa pamasitepe mukuthamangira basi," anatero alamu, maso ali pa zikhadabo zawo.

"Kanali m'sokosi!"

"Eya, sokosiyo sinavulale."

Ine ndinakumbukira lonjezo lija ndipo mtima unakhalako pansi. "Palibe vuto, achimwene. Tulutsani bakapu ya bakapu ija."

Anakhosomola. "Ili m'folda ina."

"Foldayo ili kuti?"

"Ndinaikonza bwinobwino. Zonse ndinazikopa kawiri, chilichonse chili ndi chinzake."

"Achimwene, ili kuti?"

Analoza kabokosi kaja ndi chibwano. "Momwemo."

Ndiye nzeru zimene tinafufutira mafoni athu zinali zimenezo. Munthu wamkulu, wa ndevu zake, anasunga kiyi wapadera m'nyumba momwe watsekamo. Bambo anadzuka n'kupita kukathirira maluwa a amayi, amene anali atawathirira kale m'mawa.

Lolemba ndinaperekeza achimwene kwa wokonza makompyuta, m'kashopu kothinana pakati pa wometa ndi wosula makiyi. Wokonzayo anaika kabokosi kaja kukhutu, n'kukatsegula ndi kasikuludilaiva. Anatisonyeza kambale konyezimira kamkati, kali ndi mzere wokandika kuzungulira konse. Anati pamenepo palibe chotolapo, ndipo anafunsa ngati tili ndi kopi kwina. Achimwene anayamba kufotokoza za folda yachiwiri ija, ine n'kuwakoka jekete tisanachite manyazi kawiri.

Tinabwerera kwa bambo chifukwa panafunika wina awauze. Achimwene anakhala patebulo lomwe lija, n'kutsegula laputopu kuti manja apeze chochita. Mlaliki uja mawu anali atamuthera. Ndinali nditakonza mawu ambiri owalasa nawo, ena ndinachita kuwayeserera m'basi, koma ndinawamvera chisoni. Amayiwo anali awonso.

Ndili chiimire kumbuyo kwawo ndinaona kafolda pakona ya sikirini.

"Zinyalala zija simunafufute?"

"Sindinapeze mpata," anayankha motsitsa.

Kwa nthawi yoyamba ndinathokoza Mulungu chifukwa cha ulesi wa achimwene. Tinaitsegula. Munali zinyalala ndithu: denga, chala chachikulu cha bambo, phewa la munthu, mwana akuyetsemula. Munali amayi atatembenukira kumbali, amayi akutafuna, amayi akutchinga kamera ndi dzanja. Kanema wa kusita uja munalibe, poti iye anali wabwino kwambiri, woyenera kabokosi.

Chakumapeto kunali kanema wina wamdima. Bambo anali atalowa n'kuima pakhomo la kukhitchini. Achimwene anadina.

Panaoneka denga la khitchini lomwelo, likugwedezeka. Amayi anali atadina foni yanga mwangozi. Kenako mawu awo anadzaza nyumba, akulu, osasa pang'ono, a munthu wotanganidwa.

"Kodi ichi chayaka? Iwe, tabwera udzazimitse chinthu chakochi, chikundiyang'ana." Panamveka supuni ikugunda kapu. "Bambo ake! Tiyi wanu akuzizira. Mukufuna ndidzakumwetseni ngati khanda?"

"Ndikubwera," anayankha bambo.

Anayankha msanga, mwa chizolowezi, mwendo umodzi atauponya kale kutsogolo. Kenako anaima. Kanema anatha, denga lija n'kuuma pa sikirini. Ine ndinalira, osabisa. Achimwene anaphimba nkhope ndi sokosi ija, poti ndi imene inali pafupi.

Bambo anakoka mpando n'kukhala. "Bwezanso."

Tinabwezanso. Titamvera kangapo anatulutsa foni yawo m'thumba n'kuiika patebulo, patsogolo pa mwana wawo woyamba.

"Undiikire muno. Uikenso m'foni ya mlongo wako, ya mkazi wako, ndi ya azakhali ako. Chisokonezo chimenecho ndikuchifuna."

Achimwene anapukuta mphuno, n'kugwira chingwe. Koma a Bakapu ndi a Bakapu basi. "Ndisankhe zooneka bwinoko, bambo?"

"Iwe usasankhenso," anatero bambo. "Ika zonse."