Mizere Itatu ya ku Zóbuè

"Mlamu, mvula isanagwe munda uja tiuyezenso," anatero a Horácio.

Ankayankhula ndi Carlota. Panali patangopita masiku anayi chiikireni mwamuna wake Edmundo m'manda, phulusa la pasiwa lisanawoledwe n'komwe. Nyumba ya ku Moatize inali ya renda, yolipira mwezi ndi mwezi. Kolowera kwake tsopano kunali kumodzi, kumunda wa ku Zóbuè umene Edmundo anagawana ndi mkulu wakeyu makolo atatsikira kuli chete.

"Suja anayeza ndi mng'ono wanu yemwe, inu mukuona?" anafunsa Carlota.

"Nkhani ili pomwepo. Woyeza iye, wolandira iye. Munthu wa imvi wotandalira jogu, masewera a pa komputadori, ngati mwana, ndimukhulupirire bwanji?"

Mawuwo anamubaya Carlota, poti nayenso ankawanena. Chichotsedwereni ntchito kumgodi wa malasha, kumene ankathandiza oyeza malo, Edmundo ankangokhalira pa komputadori kuyendetsa sitima yankhondo yapansi pa madzi, chikhalirecho nyanja yamchere sanaionepo ndi maso.

A Horácio atatuluka, Olívia, mwana wachisamba wa m'nyumbamo, anayatsa komputadoriyo kuti afufute zam'kati asanaigulitse. Panatuluka mapu a nyanja, kasitima kali chiimire pakati. Pambali pa komputadoriyo panali kaderno, buku lolembamo lothimbirira ndi fumbi la malasha.

"Mayi, taonani. Papa samangosewera chisawawa ayi."

Mu joguyo munali regwa yoyezera mtunda pamapu, ndipo Edmundo sankaikhulupirira. Ankayendetsa sitimayo paliwiro limodzi kwa ola lathunthu, n'kuwerengera yekha mtunda umene yayenda, kenako n'kuyeza ndi regwayo kuti aone ngati zikugwirizana. Anatero maulendo makumi anayi. Pansi pa tsamba la m'kadernomo analemba kuti: "Regwa iyi imanama pang'ono. Ukaitsatira masiku atatu ukagunda mwala."

Carlota anaseka misozi ili mbwembwembwe. "Ndiye bambo akotu amenewo. Telala akafuna kuwayeza, iwo ankayamba ayeza fita yoyezera ya telalayo."

Olívia anatembenuza tsamba, kuseka konse n'kuthera pomwepo. Anawerenga motsitsa mawu: "Ngati regwa ya makina inama, nanga fita yanga? Ndaiyerekeza ndi yatsopano. Yanga inatamuka kalekale. Ku Zóbuè ndinayeza gawo langa, chotsala n'kupatsa achimwene. Mizere itatu ndi yawo."

"Ting'ambe tsambali," ananong'ona Olívia. "Bambo aakulu angokayikira, umboni alibe. Mizere itatu ndi thumba la chimanga, mayi."

Carlota anapsa mtima, osati ndi mwana, koma ndi malemuyo. Kumusiya wamasiye sikunakwane, afunenso kumudulira munda ali kumanda! Anagwira tsamba lija pakona. Koma zolembazo zinali zowongoka, zodekha, ngati mwini wake akamafotokoza kanthu kachitatu kwa munthu wosamva. Anatseka kaderno n'kuikulunga m'nsalu yake ya kapulana.

Loweruka anakwera shapa, minibasi yopita ku Zóbuè, ndi mlamu wake. Atafika m'mbali mwa munda, Carlota anatulutsa kaderno ija.

"Werengani, mlamu. Simunaname."

A Horácio anawerenga. Munthu amene anabwera atanola mano a mkangano anabweza kaderno ija kwa Carlota. Anangotsogola kulowera kumalire, akuponda mapesi a m'munda mwawo, mbali imene chikololereni anali asanafikeko.

Pamene pankaima chikhomo chachitsulo cha malire panali kadzenje kokha, kodzaza masamba ouma. Chikhomocho chinali uko, mizere itatu kulowa mbali ya Carlota. Ndipo mizere itatuyo inali yolimalima kale, yokha m'munda monsemo. Inali yokhotakhota, pena yaikulu pena yaing'ono, kalimidwe ka munthu wogalauza kasanu n'kuima kuti apeze mpweya.

"Edmundo anabwera mu Agosto," anatero a Horácio. "Akuti kudzandiona. Anandibwereka khasu. Ine n'kumuseka, ndati ndi chifuwa chakocho ulima chiyani iwe?"

Anagwada nayamba kukokera dothi ndi manja pamene mzere unapindika, ngati kuti auwongole.

"Usiyeni, mlamu," anatero Carlota. "Usiyeni momwemo."