Masamba Odwala Sakwera Ndege

Makina anamaliza kuwerenga Lolemba m'mawa, ndipo pofika masana ndinali nditayang'ana chithunzi chimodzi pa kompyuta kwa maola atatu. Panali timadontho 36. Kadontho kalikonse kankaimira envulopu imodzi ya masamba a manachesi ochokera kwathu ku Mwanza. Tofiira tinali ta mitengo yodwala, tobiriwira ta mitengo yabwinobwino. Ndinkayembekezera kuona magulu awiri, tofiira uku, tobiriwira uko. Koma magulu anali atatu, ndipo m'gulu lililonse tofiira ndi tobiriwira tinali titasakanikirana ngati anthu pa depoti ya basi.

Ntchito yanga siyovuta kuifotokoza. M'kati mwa tsamba lililonse mumakhala mabakiteriya amitundumitundu, ena othandiza mtengo, ena oupha. Ambiri sakula m'mbale za mu labotale, choncho timapera tsamba, kutulutsamo DNA, makina n'kutiuza kuti mulimo ndani ndi ndani. Ine ndinkafuna kudziwa kuti manachesi amene akuchita chikasu n'kuuma kwathu akusunga alendo otani amene mitengo yathanzi ilibe. Lachisanu la sabata yotsatira ndinayenera kuonetsa zimene ndapeza kwa aphunzitsi atatu oyesa ntchito ya chaka choyamba. Akakhutira, ndipitiriza maphunziro. Akapanda kukhutira, ndibwerera kumudzi ndi majekete awiri amene ku Mwanza alibe ntchito.

Dokotala Christina, amene amayang'anira kafukufuku wanga, anaima kumbuyo kwanga ndi kapu ya tiyi n'kunena kuti zotsatirazo zinali zochititsa chidwi. Ndinali nditakhala ku Glasgow, kuno ku Ulaya, nthawi yokwanira kudziwa kuti iwo akatero, pali chimene chalakwika. Anandifunsa ngati ndinasokoneza manambala. Ndinati sindikuganiza choncho, kenaka ndinayamba kuganiza choncho.

Masiku anayi otsatira ndinadzikayikira pa chilichonse. Ndinaonanso manambala a machubu osungiramo DNA, ndinabwereza masamu, ndinawerengetsanso masampulo asanu ndi limodzi. Anabwerera m'magulu awo omwe aja ngati mbuzi zodziwa khola. Choipa kwambiri chinali chakuti m'masamba olembedwa kuti odwala munalibe kachilombo kalikonse kodziwika kuti kamadwalitsa manachesi. Ndikubwerera ku Partick, kumene ndinkakhala, pa sitima yapansi pa nthaka, ndinkajambula timizere pa tikiti, mwina magulu atatuwo ndi midzi itatu, mwina dothi, mwina masiku othyolera. Panalibe chimene chinkagwirizana ndi pepala limene linabwera ndi masampulo.

Ndinaimbira Goodwill, amene anapera masambawo mu labotale ku Blantyre asanatumize DNA kuno. Iye anati sanasokoneze kanthu. Maenvulopu anafika ouma bwino, olembedwa bwino, ndipo pa zaka zonse zimene wagwira ntchitoyi anali asanaperepo masamba okongola ngati amenewo. Ndinamuthokoza n'kudula foni. Kukongola kwa masamba sindinakuone ngati nkhani.

Lamlungu ndinapita kutchalitchi ku Govanhill, makamaka kuti ndione anthu m'malo mwa timadontho. Timapemphera mu holo yobwereka, ndipo tsiku limenelo eni holo anabwera kudzamwa nafe tiyi. Mayi Doreen, amene amatsogolera amayi, anandikokera kukhitchini kuti ndiwathandize kuika mandasi m'mbale. Ine ndinkangothira. Iwo ankatembenuza limodzilimodzi, lopserera kapena lophwanyika n'kuliponya m'jumbo yomwe anaibisa kuseri kwa ketulo.

"Amenewa bwanji, amayi? Amadyeka bwinobwino."

"Tidya tokha alendo akapita. Mwana iwe unakulira kuti? Chopserera sachionetsa kwa alendo."

Ndinakumbukira mawu a Goodwill a masamba okongola aja, ndipo ndinaima ndi mbale m'manja mpaka anandifunsa ngati ndadwala.

Masamba aja sindinathyole ndekha. Nyengo yothyola inandipeza ndili kuno, choncho ndinapempha amalume anga, a Fryson, amene anandilera ndi ndalama za manachesi omwewo. Anayenera kuyenda ndi mlangizi wa zaulimi, koma njinga yake yamoto inafa sabata imeneyo. Amalume anati ndisadandaule, kuthyola tsamba sikulira digiri. Ndinawatumizira malangizo odzaza mapeji awiri: mitengo 18 yodwala, 18 yabwino, mtengo uliwonse envulopu yakeyake.

Ndinatuluka panja, n'kuima pakhonde la sitolo yogulitsa mafoni chifukwa kunkawaza mvula. Ndinaimbira amalume, tinapatsana moni wa banja lonse, mpaka nkhumba. Kenaka ndinawafunsa kuti masamba odwala aja anawathyola m'munda uti.

Anatsokomola. Anati munda wakudambo anapitako ndithu, ndi maenvulopu m'thumba. Anaima pansi pa mitengo ija n'kuyang'ana masamba ake, achikasu, opiringizika, ena odyedwa ndi mbozi.

"Ndiye ndinadzifunsa, Tisu. Zimenezi zikwere ndege? Zikafike ku Ulaya, azungu akatsegule, pamwamba palembedwa dzina lathu? Akanati iwe unachokera kwa anthu otani?"

"Nanga munathyola kuti, amalume?"

"Pakhomo pompano. Mitengo itatu ija yakuseri kwa nyumba. Ku Mwanza konse kulibe yoposa imeneyo."

Ndinafunsa chifukwa chake analemba kuti odwala pa theka la maenvulopu. Anandiyankha modabwa kuti pepala langa ndi limene linatero, ndipo iwo sakonda kuphwanya malangizo.

Sindinadziwe ngati ndiseke, ndilire kapena ndipepese kwa machubu amene ndinawanamizira sabata yonse. Miyezi isanu ndi iwiri ya ntchito inali itapita poyerekezera mitengo yathanzi ndi mitengo yomweyo. Sindikanawakalipira. Munthu amene anagulitsa njinga yake kuti ndilembe mayeso a Fomu 4 sumukalipira uli pakhonde la sitolo ya eni. Ndinangoti, "Mitengo itatu, amalume?" Ndipo m'kamwa mwanga momwemo nambalayo inandikumbutsa magulu atatu aja.

Ndinawafunsa ngati akukumbukira envulopu iti inachokera mumtengo uti. Anakhumudwa kuti ndikufunsa. Anati sanasakanize, sagwira ntchito ngati mwana. Anayamba ndi mtengo wapafupi ndi bafa, n'kutenga maenvulopu asanu ndi limodzi pa mulu wa odwala ndi ena asanu ndi limodzi pa mulu wa abwino, kuti pasakhale kukondera. Anachita chimodzimodzi pa mtengo wapakati, kenaka umene uli pafupi ndi khola. Ndinalemba manambala pa kapepala ka nyimbo za m'tchalitchi, inki ikusungunuka ndi mvula.

Lolemba ndinasintha mitundu ya timadontho motsatira kapepalako. Gulu loyamba lonse linali bafa. Lachiwiri mtengo wapakati. Lachitatu khola. Panalibe kadontho ngakhale kamodzi kosochera.

Ndinauza Dokotala Christina zonse, kuyambira pa mandasi. Anandifunsa kawiri ngati amalumewo anamvetsa kuti matendawo ndi amene tikufuna. Ndinati anamvetsa bwino lomwe. Anafunsanso kuti nanga n'chifukwa chiyani, ndipo ndinaona kuti chisokonezo changa chija chasamukira kwa iwo. Ndinayesa kufotokoza kuti kwathu mlendo amadya nkhuku pamene ana a pakhomo akudya masamba a maungu. Anagwedeza mutu ngati amva, koma analemba mawu oti nkhuku papepala lawo n'kuikapo chizindikiro cha funso.

Lachisanu ndinaima pamaso pa aphunzitsi atatu aja n'kunena zoona: funso langa sindinaliyankhe. Chimene ndinali nacho ndi umboni woti njira yathu imatha kusiyanitsa mitengo itatu yoyandikana pabwalo limodzi, ngakhale ine mwini ndisakudziwa kuti ndi itatu. Mmodzi wa iwo anaseka mpaka kuvula magalasi. Wina sanaseke n'komwe, ndipo anandifunsa mafunso okhudza kathyoledwe ka masampulo kwa mphindi makumi awiri, mafunso amene ndinayenera kudzifunsa chaka chatha. Ananditulutsa thukuta m'chipinda chozizira. Pomaliza anandilola kupitiriza, koma anati adzandiyesanso pakatha miyezi isanu ndi umodzi, ndipo masamba atsopano ndikathyole ndi manja anga.

Madzulo ake ndinaimbira amalume kuwauza kuti ndikubwera mu Meyi, ndipo tidzapita kumunda wakudambo. Anafunsa kaye ngati azunguwo anawakonda masamba aja. Ndinati anawakonda kwambiri, mmodzi mpaka anavula magalasi. Anati ankadziwa.

Za kudambo anati ngati n'zofunikadi kuti masamba odwala akwere ndege, iwo saletsa.

"Koma mitengo ya a Ephraim, oyandikana nafe aja, ikudwala kuposa yathu. Udzayambire kumeneko."