Maluwa Okana Madzi

Carol, mzungu woyandikana nyumba ndi Gladys ku Croydon, ponyamuka ulendo wa masabata atatu anamusiyira kiyi wa geti.

"Ukandisamalira maluwa angawa, ndikupatsa kamalo ka kumpandako ulimepo zako," anatero Carol. "Koma usawathirire. Ndi ekinesiya, kwawo n'kumadambo ouma a ku Amereka. Mizu yake imadzifunira yokha madzi pansi."

Gladys anavomera ndi mutu wokha. Kamaloko ankakafuna zedi, pakuti zaka zisanu ndi chimodzi ankangolota mnkhwani wothyola yekha. Koma zosathirirazo, iyayi. Iye mwana wa ku Tsangano, wokulira m'dimba, ndiye auzidwe ulimi ndi munthu wolima atavala magolovesi?

Chaka chimenecho mvula inadula, ndipo kuthirira ndi payipi kunaletsedwa. Mabedi a maluwa anali awiri. Gladys anatenga la pafupi ndi khomo, la kuseri n'kupatsa mwamuna wake, Biswick.

Gladys anatulutsa khasu lomwe anabwera nalo musutukesi, n'kuunga mizere, n'kuthira manyowa a nkhuku. M'mawa asanapite kushifiti yosamalira okalamba, ankasenza pamutu ndowa ya madzi osambira, anthu opita kokwera basi akumuyang'ana kukamwa kuli yasa. Madzulo chimodzimodzi. Maluwa atayamba chikasu n'kuwerama, anati ndi ludzu, n'kuwonjezera ndowa yachitatu.

Biswick nayenso ankapita ndi ndowa yake. Akafika kuseri ankaivundikira, n'kukhalapo, n'kumaonera mpira pafoni.

Carol atabwera anaima pa bedi la Gladys. Anazula duwa limodzi, muzu uli wowola, ukununkha ngati chinangwa choviika. Anazungulira kuseri, ndipo kumeneko anakuwa.

Maluwa anali ataima njo, ofiirira, lililonse ndi kamutu kake kaminga pakati, njuchi ndi agulugufe zikulimbirana malo.

"Wasamala kuno ndani?"

"Ndine, mayi," anatero Biswick, akukonza kolala.

"Munawatani?"

"Kuwayang'anira basi. Tsiku lililonse, mphindi makumi asanu ndi anayi."

"Bambo a Junior, Mulungu akukuonani," ananong'ona Gladys.

Carol anapereka kamalo kaja, koma anati woyang'anira akhale Biswick, poti ndiye ali ndi dzanja la ulimi. Gladys anangovomera. Mnkhwani ndi mnkhwani.

Mawa lake Biswick anakhala patebulo kudikira tiyi. Anadikira. Anatsokomola. Kenaka anasuzumira pawindo, n'kuona mkazi wake akudzala nthanga za maungu kumpanda.

"Mayi a Junior, nanga tiyi?"

"Ndaphunzira, alangizi," anayankha Gladys osatembenuka. "Chinthu ukachithirira kwambiri chimawola. Ketulo ili pomwepo, mizu yanu ifune yokha."