Mpata pa Kasinja wa Mochizuki

"Taonani nokha, a Kuramochi. Izi ndi zomwe munalemba kuti zimalowana ngati poto ndi chivundikiro chake?"

A Sugiyama, kasitomala wakalekale, anatsitsa chidolecho patebulo la m'sitolo ya zidole zomata, anthu onse akuona. Chinali chifanizo chapulasitiki cha kasinja wina wankhondo amene Ajeremani anangopanga woyesera, nkhondo n'kutha asanawombeko. Pakati pa thupi ndi denga lake panali mpata woti chikhadabo n'kulowa.

"Chikomekome cha mkuyu," anatero a Sugiyama. "Ife timagula chifukwa cha mawu anu, bambo."

Kuramochi anachita manyazi osaneneka. Mumzinda wa Shizuoka anthu ankatola kapena kusiya bokosi la zidolezi malinga ndi zomwe iye walemba m'magazini, ndipo ili analitamanda ndi mtima wonse. Nanga akanatani? Bokosi limene anamutumizira Mochizuki, mnzake wa kusukulu komanso mwini kafakitale kopanga zidolezo, linamatika bwinobwino osapala paliponse.

Anagula lina pashelefu pomwepo n'kulunjika nalo kufakitale. Anapeza Mochizuki akudya mpunga ndi nsomba yootcha. Ataona tizidutswa topindika ta m'bokosimo, mkuluyo sanadabwe n'komwe, ndipo chimenecho ndicho chinamuwawa Kuramochi.

"Lija unanditumizira lija unalitani?"

"Aa, amwene, takhalani pansi. Tinangoliwongola pang'ono m'madzi otentha. Mlendo sumupatsa mbale yobenthuka. Aliyense amatero potumiza kwa olemba."

"Ine ndine mlendo kwa iwe?"

"Chikombole chathu chinalakwika, kuchikonza kukanatigwetsa. Ogulawo angomata phula pampatapo, n'kupenta, basi. Ndimati mnzanga andiphimba."

"Ukanandipempha, ndikanakukanira pamaso. Iwe unadziwa zimenezo, n'chifukwa chake unandinamiza. Walongedza dzina langa m'mabokosi ako n'kuligulitsa!"

Mochizuki anangoyang'ana mpunga wake.

Pa chionetsero cha kalabu yawo ya okonda zidole zomata Loweruka, Kuramochi anabweretsa kasinja amene anagula m'sitolo uja. Anamumata monga anabwerera, n'kumupenta mwaluso lake lonse, koma mpatawo sanaukhudze. Anamuika patsogolo penipeni, pansi pa dzina lake, kenako anaweramira a Sugiyama kupepesa.

Mochizuki anafika mwakachetechete, nanong'ona: "Ukanautseka, amwene. Anthu akuona."

"Mpatawu ndi wanu, a Mochizuki," anayankha Kuramochi mwaulemu wa kwa munthu wachilendo. "Mutseke nokha."